Chilango cha Madigiri Atatu

Kuli dziko lina, musavutike kulifuna pa mapu a ana asukulu, dzina lake Tidzaona. Dzinali silinabwere mwangozi, ndi yankho lomwe boma la kumeneko limapereka pa funso lililonse. Mlatho ugwe, tidzaona. Mankhwala athe m'chipatala, tidzaona. Pa nthawi ya nkhani yathuyi dzikolo linali m'manja mwa Mfumu Salakwa Wachitatu, mwana wa Salakwa Wachiwiri, uja anamanga doko la sitima pamwamba pa phiri.

Ku Tidzaona kunali mwambo wakale wotchedwa Kuloza. Chinthu chikafika pamaso pa mfumu chili chimodzi, mfumu inkangolandira. Koma zikafika ziwiri kapena kuposerapo, inkatukula ndodo yake ya mutu wa mkuwa n'kuloza chimodzi. Cholozedwacho ndicho chinkakhala choona kuyambira tsiku limenelo, ndipo zotsalazo zinkasanduka zinyalala, n'kutulutsidwira kukhomo la kuseri. Ankatero ndi ng'ombe, nsalu, nduna, ngakhale zigoli za mpira.

Kukhomo la kuseri komweko n'komwe Fanesi, amake Tiyese, ankalowera Lachiwiri lililonse, beseni la mandasi pamutu, mwana kumbuyo. Lachiwiri linali tsiku la bwalo la nduna, ndipo nduna za ku Tidzaona sizinkatha kuganizira dziko m'kamwa muli mouma. Fanesi sukulu anailekera Sitandade 7, osati chifukwa chouma mutu, koma mayi ake atadwala pakhomo panasowa wotunga madzi. Mwamuna wake Layitoni anapita kunja kukasaka maganyu, ndipo kwa zaka ziwiri ankatumiza moni mokhulupirika kwambiri.

Chilimwe chimenecho Fanesi anali ataumba yekha njerwa zikwi zinayi, n'kuziwotcha. Anaponda dothi mpaka zidendene kung'aluka, anasenza chikombole mpaka msana kuiwala kuwongoka. Uvuni wake unali chiimire kuseri kwa chigayo, m'Chigwa cha Tithokoze, m'mphepete mwa mtsinje wa Sumva. Kanyumba kaudzu komwe ankakhala kanali katatopa, khoma limodzi litachirikizidwa ndi mtengo ngati nkhalamba yopita kumaliro. Iye ankafuna chinthu chimodzi basi: akumbe maziko, aimike nyumba, mvula isanagwe.

Lachiwiri lina m'bwalo munalowa Mayi Ndaziona, katswiri wa zanyengo, mayi wowonda wa magalasi, atafungatira mabuku atatu onenepa ngati njerwa zomwe. Lina lobiriwira, lina lachikasu, lina lofiira. Fanesi anali pakona akuthira tiyi m'makapu, ndipo paja wothira tiyi saonedwa, koma makutu amakhala nawo.

"Wawa Mwinidziko," anayamba Mayi Ndaziona atagwada, "dziko lonse lapansi likutentha chifukwa cha utsi wa m'mafakitale, magalimoto ndi nkhalango zopsa. Lidzatentha kufika pati, palibe anganene motsimikiza, chifukwa zitengera utsi womwe maiko onse apitirize kufukiza. Ndiye ife kuofesi kwathu takhala zaka zinayi tikuwerengetsera pa makompyuta. Buku lobiriwirali likunena zomwe zidzachitike kuno kutentha kukakwera ndi digiri imodzi ndi theka. Lachikasuli, madigiri awiri. Lofiirali, atatu. M'buku lililonse muli mvula yake, chimanga chake, udzudzu wake, ndi pomwe mitsinje idzafike ikasefukira."

Anayamba kuseka anali a Bwanawanena, Nduna ya Nkhani Zabwino Zokhazokha, bambo wa khosi lopinda katatu.

"Imodzi ndi theka? Mayi, mwatisonkhanitsira kamodzi ndi theka? Tiyi ndili nayeyu watentha kuposa pamenepo, koma onani, ndikumwa!"

Bwalo lonse linagwa nalo phwete. Fanesi sanaseke. Anakumbukira tsiku lomwe anathamangira kuchipatala ndi Tiyese, namwino n'kumupanikiza kachipangizo koyezera kutentha m'khwapa. Anaphunzira tsiku limenelo kuti thupi la mwana likakwera ndi madigiri awiri okha, mayi amathamanga wopanda nsapato. Likakwera ndi atatu, mwana amayamba kutembenuza maso. Koma wothira tiyi safunsidwa, choncho anapitiriza kuthira.

Phokoso la kusekalo linadzutsa mfumu.

"Mabukuwo ndi angati?" inafunsa.

"Atatu, Wawa."

Aliyense anadziwa chotsatira. Msilikali anabwera ndi ndodo ya mutu wa mkuwa ili pa kapilo.

"Pepani Wawa, pepani ndithu," Mayi Ndaziona anatero, "awa si osankha. Si nsalu za pamsika. Onse atatu ndi oti tiwasunge, tiziwayang'ana, kuti kaya kubwera kutentha kuti, kudzatipeze titakonzeka."

"Mayi, dziko limodzi lingakhale ndi tsogolo la mitundu itatu?" anafunsa a Bwanawanena. "Ndiye mfumu tili nayo ya chiyani? Tatiuzani, m'lofiiramo muli chiyani?"

"Chilala pafupipafupi. Mvula ikati ibwere, yobwera ndi ukali. Chimanga kuchepa. Sumva kulowa m'midzi."

"Tamvani! Munthu woleredwa bwino angabwere ndi zotere pamaso pa Mwinidziko? Nanga m'lobiriwiramo?"

"Mavuto alimo, koma ocheperako."

Ndodo inakwera, inayendayenda m'malere ngati ikuganiza, kenaka inagwera pa buku lobiriwira. Nduna zinaimirira, m'manja munalira, ndipo a Bwanawanena anagwetsa misozi poyamikira mfumu yomwe yapulumutsa dziko lonse tiyi asanazizire.

M'mawa mwake galimoto ya chimkuzamawu inaima pakati pa msika.

"Tamverani, tamverani! Mwa chifundo cha Mwinidziko Salakwa Wachitatu, kuyambira lero dziko la Tidzaona litentha ndi digiri imodzi ndi theka basi! Dzuwa ladziwitsidwa kale kudzera m'kalata! Thukuta la pamphumi ndi lololedwa, koma lotsikira m'khosi ndi kunyoza boma! Ofesi ya Malo izitsata mapu a buku lobiriwira, ndipo womanga nyumba pachitunda pothawa madzi akukayikira ndodo ya mfumu, nyumba yakeyo idzagwetsedwa!"

Wolengezayo anapuma, anapukuta m'khosi mobisa, n'kupitiriza.

"Koma anthu a ku Kwamakani, aja chaka chatha analandira mfumu ndi m'manja mozizira, alangidwa! Iwo apatsidwa buku lofiira! Kwawoko kutentha ndi madigiri atatu! Achotsedwa m'mphepete mwa mitsinje, akaponyedwa pazitunda za miyala, ndipo azidzala mapira ndi chinangwa kuti aphunzire ulemu!"

Galimoto itachoka, a Nangondo, ogulitsa tomato pafupi ndi Fanesi, anakweza maso kumwamba atatchinga ndi dzanja.

"Amake Tiyese, mukuona ngati dzuwali lalandira kalatayo?"

"Likuwerengabe," anayankha Fanesi. "Lili pa moni."

"Ndiye tomato wangayu ndani akamuuze? Wayamba kale kufota ngati wa ku Kwamakani. Andimangitsa ameneyu."

Wogulitsa usipa anamangirira kansalu m'khosi ngati tayi, ati ndi damu lotchingira thukuta kuti lisadutse malire a boma. Msika wonse unaseka, koma chotsitsa mawu, poti ku Tidzaona kuseka mokweza kumafuna chilolezo.

Tsono mabuku aja anali atasindikizidwa mazanamazana, oti apite m'maofesi onse. Obiriwira anakhomedwa m'makoma. Achikasu ndi ofiira anatsata mwambo, anatulukira kukhomo la kuseri, komwe wophika wa kunyumba yachifumu anawaunjika pafupi ndi nkhuni. Fanesi atawaona sanaganize za nyengo, anaganiza za mandasi. Mapepala ake anali olimba, osabooka ndi mafuta. Anasenza mtolo, anagawirako anzake, ndipo pasanathe sabata msika wonse unkakulunga usipa m'madigiri awiri, mandasi m'madigiri atatu.

Tsiku lina akung'amba tsamba kuti akulungire munthu mandasi, maso ake anagwera pa mawu akuti Chigwa cha Tithokoze. Anamukulungira munthuyo m'tsamba lina, ili n'kuliyala pabondo. Anali mapu. Sitandade 7 ndi yochepa, inde, koma mapu anaphunzira. Anapeza mlatho, anapeza tchalitchi, anapeza chigayo. Utoto wa buluu, wosonyeza pofika madzi, unali utameza chigayo chonse n'kukaima pakhonde la tchalitchi. Pomwe panali uvuni wake panali buluu wakuda bii.

Anafunafuna tsamba lomwelo m'buku lachikasu, lomwe a Nangondo anali atakhalira. Mmenemo madzi anali kugogoda pakhomo pake penipeni. M'lobiriwira, lomwe linali lokhomedwa pa chimbudzi cha msika, madzi ankalekera mwaulemu pa nthochi za kumunsi.

"Mundikulungire awiri, mwana wanga."

Fanesi anadzutsa mutu. Anali Mayi Ndaziona. Anali atakwezedwa pa ntchito, tsopano anali Wosamalira Wamkulu wa Buku Lobiriwira, ndipo ntchito yawo inali yolipukuta fumbi m'bwalo la nduna. Atalandira mandasiwo anayang'ana pepala lake nthawi yaitali.

"Tsamba ili linanditengera miyezi isanu," anatero. "Chabwino, bola likugwira ntchito."

"Mayi," anatero Fanesi, akuwaonetsa mapu aja, "ine ndili ndi njerwa apa, pomwe pali chala changapa. Ndiuzeni ngati mzimayi mnzanu. Mwa mabuku atatuwa, loona ndi liti?"

"Onse ndi oona. Lililonse lili ndi 'ngati' wake. Ngati maiko achepetsa utsi msanga, ili. Ngati azengereza, ilo."

"Ine 'ngati' sindingakumbirepo maziko, mayi."

Mayi Ndaziona anamwetulira koyamba chichokereni m'bwalo muja.

"Nyumba yakoyo ukufuna ikhale zaka zingati?"

"Mpaka uyu adzatulukiremo pa tsiku la ukwati wake." Anagwedeza msana, Tiyese n'kudzuka.

"Ndiye usamangire buku lomwe ukulikonda. Mangira lomwe ukuliopa. Likapanda kubwera, wataya chiyani? Mpweya wokwerera chitunda basi. Koma likabwera iwe uli kuseri kwa chigayo..." Sanamalize. Anangogwira kaphazi ka Tiyese, n'kumapita.

Fanesi anali ndi kamalo ku Chitunda cha Miyala, komwe malume ake anamusiyira, poti abale ena onse anakakana. M'mawa mwake anapita ku Ofesi ya Malo kukapempha kalata yomangira kumeneko. Kalaliki wake, bambo wotopa yemwe ankadzikupiza ndi chikuto cha buku lobiriwira, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Muli ndi mlandu, mayi?"

"Ayi, bambo."

"Simunanyozepo mfumu? Kapena kuwomba m'manja mozizira?"

"Ine ndimawomba mpaka zikhato kuwawa."

"Ndiye pepani, simungakwere. Kumtunda ndi kwa olangidwa. Inu ndinu mzika yabwino, malo anu ndi m'mphepete mwa mtsinje."

"Bambo, paja akulu amati madzi saiwala khwawa."

"Akuluwo ananena lamulo lisanatuluke."

"Ndiye mukuti kuti munthu apulumuke ayambe walakwa kaye?"

Kalalikiyo anayang'ana kuchitseko, kenaka kudenga.

"Mawu amenewo sindinawamve, ndiponso si ine ndawanena. Wotsatira!"

Fanesi anatuluka akuwerenga masiku. Mitambo inali itayamba kuunjikana kum'mawa masana aliwonse, nyerere zikusamutsa mazira. Akanamanga kuchitunda mwakuba, akanamugwetsera, njerwa zake n'kusanduka zidutswa. Akanamanga kumunsi, akanamangira Sumva. Atafika pamsika anawauza a Nangondo zomwe anaganiza.

"Mwapenga, amake Tiyese? Mukanyoze mfumu? Pamaso pake?"

"Pang'ono pokha. Pongokwanira buku lofiira."

"Mwana iwe, kunyoza mfumu kuli ngati kuthira mchere m'ndiwo za apongozi. Ukachepa sakuumva. Ukachuluka, ndende. Ndiye uyu ayamwa ndani?"

Funso limenelo linamukhala Fanesi pamtima ngati mwala mpaka Lachiwiri. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachiwirilo kunatentha ngati dzuwa lakwiya ndi kalata ija. M'bwalo la nduna makina okupiza mphepo anali atachotsedwa, poti m'dziko la digiri imodzi ndi theka safunika. Nduna zinali m'masuti, malaya atamatirira kumsana, aliyense akuyang'ana patebulo kuti asaone khosi la mnzake. Buku lobiriwira linali chitsekulire patsogolo pa mfumu, ndipo Mayi Ndaziona anaima pambali ndi kansalu kawo ka fumbi.

Fanesi anagawa mandasi, anathira tiyi. Kenaka, m'malo mobwerera pakona pake, anaima pakati pa bwalo osagwada.

"Wawa Mwinidziko, buku lanu lobiriwiralo mtsinje wa Sumva sunaliwerenge."

Makapu anaima m'malere.

"Wanyoza!" anakuwa a Bwanawanena. "Wanyoza ndodo!"

Mfumu inamaliza kutafuna.

"Ndani ameneyu?"

"Wamandasi, Wawa."

"Mandasi awa?" Mfumu inayang'ana chidutswa chomwe chinali m'manja mwake mwachikondi. "Iwe mwana, sukulu unalekera pati?"

"Sitandade 7, Wawa."

"Mwamva? Sakudziwa chomwe akunena. Takukhululukira."

Nduna zinawomba m'manja poyamikira chifundo chosayerekezeka. Zaka zonsezi anthu ankamangidwa chifukwa choyasamula mfumu ikulankhula, lero Fanesi wabwera kudzafuna mlandu ndi miyendo yake, n'kupeza mfumu yadzuka bwino. Ndiye anawonjezera mchere.

"Wawa, ndodo yanuyo ndi mtengo chabe. Ingaloze ng'ombe, ingaloze nduna, koma mvula siidziwa ndodo. Mukanamangirira khasu kumapeto kwake, bwenzi ikuthandizako dziko."

Msilikali wa pakhomo anatseka maso. A Bwanawanena anatsamwa ndi tiyi. Koma mfumu inayamba kugwedezeka mapewa, kenaka inaphulika kuseka.

"Khasu! Mwamumva? Ati khasu! Inu nonse muno mulibe nthabwala ngati mwana ameneyu." Nduna nazo zinayamba kuseka mofulumira kuti zisatsalire. "Ndipo kuti dziko lidziwe kuti Salakwa sasunga mangawa, tikupatsa malo atsopano. Bwanawanena, m'pezereni pabwino, pamchenga penipeni, pafupi ndi madzi. Asamavutike kutunga."

Fanesi anaona mdima. Anabwera kudzathawa kuseri kwa chigayo, tsopano amuika m'kamwa mwenimweni mwa Sumva. Mawu onse omwe anakonza anali atatha. Apo Tiyese, yemwe anali atapsa ndi kutentha kumbuyoko, anayamba kulira. Fanesi anachita zomwe manja a mayi amachita okha mutu usanalamule. Anamasula nsalu, anamubweretsa mwana kutsogolo, anatulutsa kathaulo n'kumupukuta kumaso ndi m'khosi.

Atadzutsa mutu, anaona mfumu bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Madzi ankachokera pansi pa chisoti chachifumu, kudutsa m'masaya, kutsikira m'khosi, kukalowa m'mkanjo womwe unali utada ndi chinyezi mpaka pamimba. Pansonga ya mphuno panalendewera dontho lalikulu.

"Kalanga ine, Wawa, mwanyowa chonchi?" Mawuwo anangotuluka, mmene amatulukira kwa mwana wa mnzako ukamupeza pamvula. "Thukuta lonseli! Tengani kathaulo aka mupukute m'khosimo, mungatuluke nazo zilonda."

Ndipo anatambasula dzanja, kathaulo ka Tiyese kali lende.

Chete wake anali woti munthu akanamva nyerere ikutsokomola. Dontho lija linanjenjemera, linatalika, kenaka linagwa pa tsamba la buku lobiriwira. Tho!

"Mfumu situluka thukuta!" A Bwanawanena anadzuka mpando n'kugwa. "Amenewo ndi mame a ulemerero! Wawa, mkazi uyu wanena pagulu kuti thupi la Mwinidziko laphwanya lamulo la Mwinidziko! Ndende! Akaolere m'ndende!"

Nkhope ya mfumu inali itafiira psuu, kuseka konse kutauma. Asilikali awiri anayandikira. Fanesi anafumbata mwana wake mwamphamvu. Mchere uja unali utachuluka.

"Wawa, ndiloleni kapolo wanu ndilankhule."

Anali Mayi Ndaziona, atagwada, kansalu ka fumbi kali m'manja.

"Ndende ya Mwinidziko ili m'chigwa. Ili mumthunzi, m'dera la digiri imodzi ndi theka. Mkazi wamwano chonchi mukam'tsekera kumeneko, ndiye kuti mwam'tumiza kokapuma. Ine monga katswiri ndikuti chilango chomuyenera ndi chomwe munapatsa a ku Kwamakani. Buku lofiira. Madigiri atatu, iye ndi mwana wake yemwe."

"Ndende!" anaumirira a Bwanawanena.

"Buku lofiira," anabwereza Mayi Ndaziona modekha.

Apo a Bwanawanena anazindikira mochedwa kuti pamaso pa mfumu pafika zinthu ziwiri. Msilikali anali atabwera kale ndi kapilo. Ndodo inakwera. Inapendekera kwa a Bwanawanena.

Tsono mayi amene anagulitsapo pamsika amadziwa kuti wogula amalimbikira chomwe ukukaniza. Fanesi anadzigwetsa pansi, n'kuyamba kulira kwa pamaliro.

"Mayo ine! Ndende bola, Wawa! Nditsekereni m'ndende! Musandiponye kumiyala! Ndikadya chiyani kuchitunda, mapira ngati mbalame? Madigiri atatu ine ndiwatha bwanji, mwana wamasiye ine! Ndende, Wawa, chonde ndende!"

Ndodo inaima. Inatembenuka pang'onopang'ono, n'kukagwera kwa Mayi Ndaziona.

"Madigiri atatu," inatero mfumu, mano ali gwa. "Lero lomwe akwere kuchitunda. Ndipo m'chigwa cha anthu omvera musatsale kanthu kake, ngakhale njerwa imodzi. Asilikali aonetsetse."

"Njerwa zanga zokha ndiye zisiyeni, Wawa!" analira Fanesi, nkhope ataibisa m'nsalu.

"Zonse!"

Nduna zinawomba m'manja poyamikira ukali wosayerekezeka.

Choncho masana a tsiku limenelo anthu a m'Chigwa cha Tithokoze anaona zomwe sanaonepo chibadwire: asilikali makumi awiri a mfumu, ndi ngolo zitatu za boma, akuphwasula uvuni wa mkazi wamandasi n'kumakweza njerwa zake ku Chitunda cha Miyala. Fanesi ankayenda pambuyo pawo atafunda nsalu kumutu ngati namfedwa. Podutsa pamsika a Nangondo anamugwira dzanja, nkhope ili yachisoni kuti asilikali aone.

"Pepani, amake Tiyese. Zakugwerani."

"Zandigwera, mayi."

"Kumtundako malo atsalako?" ananong'ona.

"Miyala ilipo yambiri."

Atafika pamwamba, Fanesi anavula nsalu ija kumutu n'kuimanga m'chiuno. Kulira kunathera pomwepo. Anayenda pamalopo akuponda ndi chidendene, anasankha pomwe nthaka inali yolimba, anakhoma zikhomo zinayi. Kuchokera pamenepo chigwa chonse chinkaoneka, chigayo chili kang'onong'ono, Sumva akunyezimira mwaulemu ngati mtsinje womvera malamulo. Kum'mawa kunagunda bingu loyamba.

"Achimwene, osaponya!" anakalipira msilikali wina. "Zosweka mfumu sinalamule. Sanjani apa, khumi khumi."

Asilikaliwo anasanja. Ngolo yomaliza itatsitsidwa, mkulu wawo, Sajeni Kaliwo, bambo wa imvi m'mbali mwa mutu, anatsalira anzake akutsika. Anavula chipewa, anachitembenuzatembenuza m'manja, anayang'ana uku ndi uku.

"Amake mwana," anatero chotsitsa mawu, "ine ndili ndi ana asanu. Nyumba yanga ndi ya malata ija, yoyandikana ndi pomwe panali uvuni wanu. Usipa wa dzulo mkazi wanga anam'kulungira m'pepala lina lake, ndiye ndinaliyang'anako pang'ono." Anatsokomola. "Lachiwiri likubwerali ndine woimirira pakhomo la bwalo. Kodi zija... munthu amayamba bwanji?"

Fanesi anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenaka anayang'ana kamalo ka miyala kopanda mwini komwe kanali pambali pa zikhomo zake.

"Zanzeru musataye nazo nthawi, bambo, amakhululuka," anatero, akumanga chingwe pa chikhomo choyamba. "Thaulo muli nalo?"